Zakeyu ndi Waya wa Chipinda Chakumbuyo

Zakeyu Mbewe ndi mwana wa mlongo wanga. Ndanena zimenezi poyamba kuti wina asadzati ndinabisa chibale. Amene amandidziwa ku Delft kuno angakuuzeni kuti Ackson sayamikira munthu chifukwa cha magazi. Sukulu ndinalekera sitandade 4, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinaona ndi maso anga, kuphatikizapo zimene ndinalakwa ine mwini.

Zakeyu anabadwira ku Linthipe, m'boma la Dedza, mu 1987. Bambo ake anali okonza njinga pamsika, munthu wosalankhulalankhula, ndipo mwanayu anatengera komweko. Ali ku pulayimale ankatola mawailesi akufa n'kumawaphwasula pakhonde. Ambiri ankafera limodzi m'manja mwake, koma ena ankadzuka n'kuyamba kuimba. Sukulu analekera fomu 2. Kenaka anakhala zaka zingapo akutchaja mafoni a anthu ndi sola pansi pa mtengo wa mango, ntchito yosakwanira ngakhale kukwatirira.

Mu 2012 mayi ake anandiimbira foni. Anati, "Achimwene, mwana wanu uja akungokhala. Mutengeni." Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, sukana. Anabwera pa basi kudzera ku Mwanza ndi ku Beitbridge, masiku anayi, ndipo m'chikwama chake munali malaya awiri, Baibulo ndi sikuludilaiva.

Ntchito yoyamba inali ya m'dimba la maluwa ku Claremont. Tsiku lina kunyumba imeneyo kunabwera anthu okonza alamu, chifukwa inkangolira yokha popanda wakuba. Anafufuza m'mawa wonse osapeza kanthu. Zakeyu, amene ankangowagwirira makwerero, anawalozera pamene makoswe anatafuna waya kuseri kwa thanki la madzi otentha. Mwezi usanathe anamutenga. Anagwira nawo zaka khumi, akukwawa m'madenga a eni ake kuchokera ku Claremont mpaka ku Durbanville. Chilimwe cha kuno, m'denga mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Iye ankalowa, ena akudikira pansi ndi botolo la madzi. Anakwatira Tabitha, mtsikana wa ku Ntcheu amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Claremont komweko, ndipo ali ndi ana awiri m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu ku Delft.

Kampaniyo sindiitchula dzina. Mwini wake anaigulitsa, atsopanowo anabwera ndi anthu awo. Zakeyu anapezeka ataima m'mbali mwa msewu waukulu ku Parow, pamodzi ndi opaka penti ndi omanga, atanyamula kabolodi kolembedwa ntchito yake. Koma munthu saimitsa galimoto pamsewu kuti atenge mlendo akamuikire alamu. Mlendoyo ndi amene akumuopa. Ndiye ankangotengedwa kukanyamula zinyalala kapena kukumba ngalande, masiku ena osatengedwa n'komwe. Anakhala choncho chaka ndi miyezi.

Ine ntchito yanga ndi ya siling'i. Ndakhoma mabolodi kwa Layton, kontrakitala wa ku Elsies River, zaka khumi ndi chimodzi. Layton si munthu woipa, koma amakhala ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Chaka chatha munthu wake wa alamu anasamukira ku George, ndipo ine ndinamutchulira Zakeyu. Iye amanditcha Oom, ndiye kuti malume m'chinenero chake.

"Oom Ackson, ndi m'bale wanu?"

Ndinati inde.

"Chabwino. Ndimuyesa pa nyumba ya ku Parow. Ikayenda bwino, ndili ndi nyumba zinayi ku Kuils River, zonse adzaika iye. Ikavuta, abwerere pamsewu pake, ndipo musadzanditchulirenso m'bale."

Ndiye nyumba ya ku Parow ija inali yoyamba kuti Zakeyu agwire m'dzina lake, popanda bwana womuimirira kumbuyo.

Mwini nyumbayo anali Mayi Otilia, namwino. Anabadwira ku Mufakose ku Harare, koma bambo awo anali a ku Ntcheu, ndipo Chichewa chawo chimatuluka chitanyamula Chishona kumsana. Anagula puloti pamene nyumba yakale inapsa, n'kumanga yawo pang'onopang'ono. Ku Delft kumene ankachita lendi akuba anawalowera kawiri, masana, iwo ali ku ntchito, ndipo maulendo onse awiri analowera kumbuyo.

Tsiku lokonza dongosolo la ntchito linali Lolemba, kumayambiriro kwa Meyi, mvula ya kuno itayamba kale kuwaza. Makoma anali atatha, malata atakhomedwa, koma ukayang'ana m'mwamba unkaona mitanda yokhayokha. Mayi Otilia anakhala pa ndowa ya penti, pulani ali nayo pamiyendo.

"Ine zanga ndi zitatu chete," anatero. "Sindifuna kuzizidwa ngati ku Delft, kumene khoma limatuluka thukuta mu Julaye. Sindifuna kuona waya akuyenda pakhoma ngati nyumba ya kangaude. Chachitatu, kumbuyo. Kumbuyoko, baba, ndiko kuli mtima wanga."

Zakeyu anatuluka panja n'kuzungulira nyumba yonse pang'onopang'ono, ife tikumutsatira. Anaima pa mpanda wakumbuyo, anayang'ana denga la galaja la oyandikana nawo, kenaka zenera la chipinda chakumbuyo.

"Ndikanakhala wakuba," anatero, "ndikanakwera pagalaja apo, kutsikira apa, pamene a pamsewu sangandione. Zenera ili ndi langa. Chitseko chakutsogolo sindikanachikhudza n'komwe."

Simba, mnyamata wa ku Harare amene ndimagwira naye siling'i, anaseka. Ndati mnyamata chifukwa cha chibwana chake, koma ndi bambo wa ana atatu.

"Bra Zak, mukuzidziwa bwino kwambiri zimenezi. Ku Dedza munkagwira ntchito yanji kwenikweni?"

"Yotchaja mafoni."

"A eni ake kapena otola?"

Mayi Otilia anaseka mpaka kugwetsa pulani. Zakeyu anangomwetulira n'kupitiriza kulemba ndi pensulo pakhoma pamene padzakhale chilichonse. Pa chitseko ndi zenera lililonse pamakhala kamaginito, kuti pakatseguka alamu imve. M'makona a zipinda mumakhala kachipangizo koyera koona munthu akamayenda, kamene ife timangoti diso. Zonsezi zimalumikizidwa ndi waya wopyapyala kupita ku bokosi limodzi lobisika m'kabati. Waya ameneyo amayenda m'denga.

Apa ndiye panali nkhani. Kutsogolo kwa nyumbayo denga ndi lalitali, munthu amakwawamo. Koma chipinda chakumbuyo ndi bafa lake zinafoleredwa mwathyathyathya, ndipo pakati pa malata ndi siling'i panali mpata wa chikhatho chimodzi. Mumpatamo timayalamo insuleshoni, chinthu chonga bulangete lokhuthala chimene chimasunga kutentha m'nyumba. Chimayabwa ngati chitedze. Ukachiyala n'kukhoma bolodi pansi pake, basi, mwatsekeka. Simulowanso ngakhale mphaka.

Zakeyu anafotokoza zimenezi pamaso pa tonse, ndipo Layton analemba pakhoma la pabalaza ndi choko: choyamba waya, chachiwiri insuleshoni, chachitatu mabolodi. Anandifunsa ngati ndavomereza. Ndinavomera. Mayi Otilia anati lendi yawo ku Delft itha kumapeto kwa mwezi, ndiye Loweruka lomaliza la Meyi galimoto ya katundu idzaima pageti, zivute zitani.

Milungu iwiri ntchito inayenda bwino. Ndinamuona Zakeyu akugwira. Sathamanga. Waya wake amamuyendetsa m'mbali mwa mtanda, kutali ndi waya wa magetsi, ndipo amamumanga patalipatali kuti asalendewere. Anandipemphanso kuti poyala insuleshoni ndizisiya mpata pozungulira magetsi a m'siling'i, kuti asatenthe n'kuyatsa moto. Zimenezo ndinkazidziwa iye asanabadwe, koma ndinangovomera.

Lachinayi la mlungu wachitatu waya anamuthera. Kutsogolo konse anali atamaliza, kutatsala chipinda chakumbuyo chokha. Kusitolo anamuuza kuti mtundu umene amafuna ubwera mawa lake masana. Tsiku lomwelo Layton anabwera akutukutira, foni ili kukhutu, n'kunena kuti opaka penti alowa Lolemba, ndiye siling'i yonse ikhale itatsekedwa ndi kupakidwa pulasitala pofika Lachisanu madzulo. Ananena akuyenda, n'kulowa m'galimoto.

Powerukira, Zakeyu anabwera pamene ndinkatsuka zipangizo. Ananjuta pambali panga monga amachitira mwana wolemekeza.

"Malume, kaya mawa muyambira kuti?"

"Kumbuyo. Kwatsala komweko."

Anakhala kanthawi akukanda pansi ndi kamtengo.

"Kumbuyo kuja kukanakhala kuti kwadikirako pang'ono, bwenzi zili bwino. Koma mukudziwa ndinu, malume."

Pano ndinene chilungamo. Ndinamva. Ndinamva bwino lomwe. Munthu wa kwathu akalankhula choncho kwa malume ake, ndiye kuti wafuula. Mwana sauza wamkulu kuti musachite, amangoika mawu pansi kuti wamkuluyo atole yekha. Ine sindinatole. Ndinaona kuti Layton akapeza siling'i yosatseka adzakalipira ine, osati Zakeyu. Ndiponso mumtima mwanga munali kena: ndine ndinamubweretsa kuno mwana ameneyu, ndine ndinamupezera ntchito, lero ayambe kundiikira tsiku lokhomera? Ndinadziuza kuti ndi katswiri, apeza njira yake. Ndinamuyankha kuti, "Tiona mawa." Iye anati, "Zikomo malume," n'kupita akuganiza kuti tamvana.

Lachisanu iye ali kusitolo kudikira waya, ine ndi Simba tinayala insuleshoni kumbuyo. Ndinaiyala bwino, yothithikana, yopanda kampata. Simba, amene amanditcha sekuru, ndiye kuti malume m'Chishona chake, anandifunsa kamodzi.

"Sekuru, waya wa bra Zak wadutsa kale muno?"

"Iwe nyamula bolodi."

Ananyamula. Tinakhoma, tinapaka pulasitala, ndipo pofika 3 koloko siling'i inali yosalala ngati mbale.

Zakeyu anafika ndi mpukutu wa waya paphewa. Analowa m'chipindamo, anayang'ana m'mwamba. Anaika wayayo pansi, anatuluka, anakaima kumpanda nthawi yaitali atatembenukira kwina. Kenaka anabwera kudzandithandiza kunyamula makwerero kupita nawo kugalimoto, ngati palibe chachitika.

Loweruka ine sindinapite, koma Simba anapita kukatenga jekete lake ndipo anamupeza. Anali m'denga lakutsogolo chafufumimba, akuyesa kulowetsa kandodo kakatali kokokera waya kudzera pamwamba pa khoma kupita kumbuyo. Khomalo linakwera mpaka kumalata. Anabowola kabowo, kandodo kanalowa pang'ono n'kukakamira mu insuleshoni yanga. Anayesera mbali ina, kanagunda mtanda. Anakhala m'menemo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anatuluka khosi ndi manja zitatupa ndi kuyabwa. Lamulungu kutchalitchi anandipatsa moni monga mwa masiku onse. Tabitha ndiye sanandiyang'ane kumaso.

Lolemba m'mawa, opaka penti akutsitsa ndowa zawo, Zakeyu anauza Layton kuti chipinda chakumbuyo chilibe waya. Sanatchule dzina langa. Layton anagwira mutu.

"Ika zija zopanda waya."

"Bokosi limene mayi anagula silimva zopanda waya. Kuitanitsa lina ndi milungu iwiri."

"Ndiye yendetsa pakhoma, tibise ndi kapulasitiki."

"Mayi anakana pamaso panu. Komanso wakuba akaona waya pakhoma amadziwa podula."

Layton anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu, koma ine ndinali pafupi.

"Tamvera. Khoma diso lakolo pakona, khoma maginito pazenera. Azioneka. Mayi akalowa, tidzabwera mwezi wamawa kudzalumikiza bwinobwino. Ndani adziwe? Wakuba akaona diso amathawa, kaya lili ndi waya kaya lilibe."

"Mwezi wamawa mudzakhala ku Kuils River," anatero Zakeyu. "Ndipo mayi azidzachoka m'mawa kupita kuchipatala akuganiza kuti kumbuyo kuli maso, pamene kuli chidole. Ayi bwana. Chimenecho sindikhoma."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Mabolodi atatu atsike. Kuyambira pakhoma lapakati kufika pazenera. Waya adutsa, insuleshoni ibwerera, tikhomanso."

"Masiku awiri amenewo! Pulasitala aume, penti aume. Loweruka mayi akubwera ndi katundu. Ukagwetsa siling'i imeneyo, za Kuils River uiwale. Wamva?"

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Mabolodi atatu atsike."

Layton anatukwana m'chinenero chake, anamenyetsa chitseko cha galimoto, n'kupita kukaona saiti ina kumene ankamanganso nyumba. Sananene kuti gwetsa, sananenenso kuti usagwetse. Anangomusiyira chingwe kuti adzimangirire yekha.

Ndinaganiza kuti Zakeyu atenga mpeni n'kuyamba kudula. Zipangizo anali nazo. Koma sakanatha. Siling'i imeneyo inali ntchito ya manja a malume ake, ndipo kwathu mwana sagwetsa chimene wamkulu wamanga, wamkuluyo ali pomwepo. Anatenga makwerero, anawaimika pakati pa chipinda chakumbuyo, anaika mpeni wodulira bolodi pa sitepe yoyamba. Kenaka anabwera kwa ine pabalaza, pamene ndinkamata makona. Ulendo uno sananjute. Anaima. Opaka penti atatu ndi Simba anali momwemo.

"Malume, ndikupempha mutsitse mabolodi atatu kumbuyo."

Zaka zonsezi anali asanandilankhulepo ataimirira pamaso pa anthu.

"Ukundituma?"

"Ndikukupemphani."

"Ntchito yanga ili ndi vuto?"

"Ilibe. Ndi yabwino kwambiri. N'chifukwa chake kandodo kanga kanalephera kudutsa."

Simba anatsokomola kuti abise kuseka. Ndinamuyang'ana, anatembenukira kukhoma.

"Wamva zimene wanena Layton? Ukagwetsa, wabwerera pamsewu. Tabitha umuuza chiyani?"

"Tabitha ndamuimbira kale foni. Wati pamsewu ndinazolowera, koma kuba sindinazolowere, ndiye ndisayambire pa mayi wa kwathu."

"Ndani wati ube?"

"Kupatsa munthu diso lakufa n'kumuuza kuti likuona, malume, inu mumati n'chiyani? Ndinu munandiphunzitsa, tsiku limene ndinafika kuno. Munati m'dziko la eni chuma chathu ndi dzina."

Ndinamuuza kuti achoke pamaso panga. Anachoka, koma sanapite patali. Anakaima pafupi ndi makwerero aja, manja kumbuyo. Ine ndinapitiriza kumata makona. Ola linatha. Ndikadutsa pakhomo la chipindacho kukatunga madzi, ndinkamupeza ali chiimire, osakhudza mpeni, osakhala pansi. Opaka penti anafuna kulowamo, anawauza mwaulemu kuti ayambe zipinda zina. Nthawi ya tiyi inakwana, sanabwere. Simba anamutengera buledi, anabwera naye osadyedwa.

"Sekuru," anatero Simba chapansipansi, "munthu uyu aima pamenepo mpaka Khirisimasi. Tidzangomupaka penti limodzi ndi khoma."

Sindinaseke. Ndinkaganiza za choko cha pakhoma chija, chimene opaka penti anali asanachifute. Chinali patsogolo panga penipeni, ndipo ndine ndinavomera pamaso pa mwini nyumba. Mwanayu sanaphwanye dongosolo. Ndinaphwanya ndine, ndipo ndinkafuna kuti iye alipire ndi dzina lake kuti langa lisadetsedwe. Timakonda kunena kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Ena akagonera amasasa.

Itangokwana 11 koloko ndinatsuka manja, ndinalowa m'chipindamo, ndinatola mpeni.

"Ati?"

Analoza. Ndinakwera. Kudula siling'i imene wapaka wekha, yosalala choncho, kumawawa ngati kuzula dzino labwino. Fumbi loyera linatigwera m'maso. Simba analandira mabolodi, ine ndinakoka insuleshoni, Zakeyu anakwera ndi waya wake. Sizinamutengere ngakhale ola limodzi. Anamuyendetsa m'mbali mwa mtanda, wina kupita pakona ya diso, wina kutsikira pazenera, wina kubafa. Asanatsike anayesa aliyense ndi kamita kake, kawiri.

Tili mkati moyalanso insuleshoni, Mayi Otilia anatulukira, ali mu yunifolomu, atabwera kudzaona mtundu wa penti. Anaima pakhomo n'kuona chibowo m'mwamba.

"Maiwe! Akuba abwera kale ndisanalowe?"

Zakeyu anatsika. "Pepani mayi. Waya wa chipinda chino anachedwa kudutsa, ndiye tatsegula kuti adutse. Kulakwa kwa dongosolo."

"Kwa ndani?"

Ndinaona kuti Zakeyu akufuna kusenza yekha, ndipo zimenezo sindikanalola.

"Kwanga, mayi," ndinatero ndili pamakwerero. "Anandiuza kuti ndidikire. Ndinatseka dala."

Anandiyang'ana, anayang'ana Zakeyu.

"Ndinu chiyani inu awiri?"

"Ndi malume anga."

"Hoo. Ndamva tsopano. Bambo anga anali chimodzimodzi. Ankakhoza kuyendetsa banja lonse kulowa m'dzenje, ife tikuona, koma wonena palibe." Anapukusa mutu. "Loweruka ndilowa?"

"Mulowa," anatero Zakeyu. "Koma chipinda chino penti adzakhala asanaume bwino. Katundu wa muno adzayambe wakhala pabalaza masiku awiri."

"Diso lidzakhala likuona?"

"Lidzakhala likuona."

"Ndiye penti ndi wa chiyani? Ndigona pabalaza."

Tinakhoma mabolodi atsopano tsiku lomwelo. Kunja mvula inali ikugwa, ndipo pulasitala m'nyengo imeneyi amauma mwaulesi. Lachiwiri sanaume. Lachitatu ndinapaka wachiwiri. Opaka penti anamaliza zipinda zina n'kukhala tsiku lathunthu akusewera makhadi pagalaja, ndipo Layton atawapeza anakalipa mpaka oyandikana nawo anasuzumira pampanda. Layton sanamulankhule Zakeyu mlungu wonsewo. Ankamudutsa ngati mtengo.

Lachisanu kunabwera Hashim, wa kampani ya alonda amene amathamangira kunyumba alamu ikalira. Iwo salumikiza nyumba ku ofesi yawo asanayese chipinda chilichonse. Ndi bambo wa imvi, wosaseka. Anatchera alamu, n'kuuza Simba kuti atsegule mazenera limodzilimodzi. Lililonse linalira. Anamuuza kuti ayende m'zipinda. Simba analowa m'chipinda chakumbuyo monyang'ama, atawerama, akudziyesa wakuba wa m'mafilimu. Asanaponde kachitatu sayirini inang'amba nyumba yonse, ndipo iye analumpha n'kugunda ndowa ya penti.

"Bra Zak! Chinthu chanuchi chilibe ulemu. Ndine ndinachiyalira bulangete!"

Hashim analemba papepala lake, anasaina, n'kuuza Layton kuti zonse zadutsa. Ananenanso kuti mwezi umenewo anali atabweza nyumba zitatu zatsopano chifukwa cha maso okhomedwa opanda waya, ndipo akapeza limodzi lotero, amakana nyumba yonse. Layton anayang'ana pansi, anayang'ana foni yake.

Pa nthawi yoika nambala yachinsinsi, Zakeyu anaonetsa Mayi Otilia mabatani oyenera kudina, kenaka anatitulutsa tonse, iyenso anatuluka n'kutseka chitseko. Anati nambala ya nyumba ya munthu safuna kuidziwa, kuti tsiku lina kukachitika kanthu pasadzakhale wonena kuti ndi Amalawi aja anamanga. Tinaima pamvula mpaka mayiwo anatiitana.

Loweruka analowa. Bedi lawo linakhala pabalaza mpaka Lachiwiri. Ukayang'anitsitsa siling'i ya kumbuyoko dzuwa likamalowa pazenera, umaona kamzere pamene ndinalumikiza. Ine ndimakaona. Ena sakaona.

Zakeyu anabwerera pamsewu wa ku Parow ndi kabolodi kake. Anaimapo milungu itatu, mu Juni, mvula ndi mphepo zikumumenya. Sanadandaule kwa ine ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinapite kukamupepesera kwa Layton, chifukwa panalibe chimene analakwa. Mlungu wachinayi Layton anatiitana tonse awiri ku Kuils River. Anatipeza taima pageti.

"Nyumba zinayi zija, ziwiri ndapatsa munthu wina," anatero. "Unandidyera masiku awiri, sindinaiwale. Ziwiri zotsalazi ndi zako. Koma mvetserani nonse. Pa saiti yanga palibe malume, palibe mwana wa mlongo. Zimenezo muzisiya pageti pamodzi ndi maambulera. Wa alamu akati dikirani, anene ngati munthu wa alamu. Oom Ackson, mwamva?"

Ndinati ndamva.

Tinalowa m'nyumba yoyamba. Inali ndi denga lathyathyathya mbali yonse ya kukhitchini, loposa la ku Parow. Zakeyu anazungulira kunja kaye monga mwa chizolowezi chake, anabwera, analemba ndi pensulo m'makoma. Ine ndi Simba tinali tikutsitsa mabolodi m'galimoto. Anabwera pamene tinali, anavula chipewa, koma sananjute.

"Malume, kukhitchini musakhome mpaka Lachitatu masana. Ndikamaliza ndibwera ndekha kudzakuuzani."

"Lachitatu masana," ndinatero.

Simba anaika bolodi pansi n'kupukuta thukuta.

"Ndiye masiku awiriwa tizitani, sekuru?"

"Pali zipinda zitatu kutsogolo. Nyamula."

Lachitatu anabwera itangodutsa 1 koloko, fumbi lili m'mutu, n'kutiuza kuti tikhoza kutseka. Tinatseka.